Swichi Imene Sinkazimitsidwa

M'nyumba ya atate kumudzi munali lamulo limodzi limene ngakhale mlendo ankauzidwa asanapatsidwe mpando: swichi ya pabalaza isakhudzidwe. Inali pakhoma pafupi ndi chitseko, yoyera, yotsitsidwa pansi monga imakhalira ikakhala yoyatsa. Pakati pa denga pankalendewera babu pa waya wake. Babulo silinayakepo n'kamodzi komwe, chifukwa kumudziko kunalibe magetsi. Mapolo ankangodutsa mumsewu waukulu wochokera ku Chipata kupita ku Mwami, kutali ndithu ndi kwathu, koti munthu wosenza katundu ankayamba watula n'kupuma asanafike. Koma atate ankati swichiyo izikhala yoyatsa usana ndi usiku, kuti tsiku limene magetsi adzafike, babu lidzatiuze lokha.

Kuti mumvetse mmene munthu wanzeru zake, wophunzira ku mishoni ya Tamanda, anafikira pamenepa, ndiyambe ndi nyumba imene tinakuliramo. Atate anali kalaliki ku boma, ndipo tinkakhala m'nyumba ya khonsolo ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ya zipinda ziwiri zogona. Ana tinalipo awiri okha, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, koma sindikumbuka tsiku limene tinagona m'nyumbamo eni okhaokha. Wachibale wa kumudzi amene wapeza malo ku sekondale ankafikira kwathu. Wodwala wodikira kuonana ndi dokotala, kwathu. Wodzafuna ntchito, kwathu. Ankabwera ndi nkhuku m'khwapa ndi kathumba ka mtedza, n'kunena kuti angokhala masiku ochepa. Nkhukuyo tinkadya Lamlungu lomwelo, koma mwini wake tinkakhala naye zaka.

Anyamata ankagona pabalaza tebulo litakankhidwira kukhoma, atsikana tinkapanikizana m'chipinda changa, ena pabedi ena pamphasa. M'mawa pakhomo la bafa pankakhala mzere, aliyense ndi ndowa yake. Amayi ankaphika ngati pali ukwati tsiku ndi tsiku, ndipo ankadandaula kukhitchini mokweza ndithu kuti mawuwo akafike pabalaza. Atate sankabweza munthu. Anali ndi maganizo awo pa nkhaniyi, ndipo ankawanena kawirikawiri moti tonse tinawaloweza.

"Anthu awa sakuthawa khasu ayi," ankatero. "Akutsata kuwala, ngati ngumbi. Magetsi akadzafika kumudzi, palibe adzabwerenso kuno kudzagona pansi pa tebulo. Ngakhale omwe ali kunowa adzabwerera."

"Akalaliki," amayi ankayankha, poti ndimo ankawatchulira akafuna kuwanyogodola, "ngumbi zimatsata kuwala, koma awa akutsata poto wanga."

Kutatsala pang'ono kuti atate apume pa ntchito, amalume anabwera kuchokera kumudzi ndi nkhani. Ati kunafika anthu pa galimoto yooneka ngati ya boma, ali ndi chipangizo cha miyendo itatu chimene ankasuzumiramo. Anakhoma zikhomo za mitu yofiira kuyambira kumsewu waukulu, kudutsa m'dambo, kuseri kwa tchalitchi, mpaka m'mbali mwa munda wathu. Amayi ena a pachitsime atawafunsa, anangoti chitukuko chikubwera, n'kukwera galimoto yawo. Sanatchule magetsi. Zimenezi ndinazifunsitsa kwa amalume patapita zaka, ndipo anavomera kuti mawu akuti magetsi sanawamve kwa munthu aliyense kupatula atate. Koma tsiku limenelo atate anasiya chakudya chisanathe, n'kuyamba kujambula nyumba papepala.

Nyumbayo anaimanga ya njerwa zootcha ndi malata, ya zipinda zinayi, kuti ife ndi ana athu tidzapeze pogona. Malo ake sanasankhe pafupi ndi abale kapena pafupi ndi chitsime. Anaimanga kumtunda, pafupi ndi chikhomo chomaliza, kuti a magetsi asadzavutike kukoka waya. Anatenga mmisiri wa ku Chipata kuti akaike mawaya m'makoma, soketi m'chipinda chilichonse, babu pakhonde, babu ngakhale kuchimbudzi. Khitchini ya panja sanamange, ati ya chiyani popeza tizidzaphika pa sitovu. Ndipo tsiku losamuka anakwezadi m'lole sitovu yathu ya mbale ziwiri pamodzi ndi ayironi ya magetsi.

Ine ndinali nditayamba kale kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale m'tauni, choncho nyumba ya ku Kapata inatsala m'manja mwanga. Ndinaima pakhomo n'kumaona sitovu ikukwera. Ndinati, "Atate, kuno kuli magetsi, sitovu mukupita nayo kopanda magetsi. Ine ndiphikira chiyani?"

"Ndi miyezi yochepa chabe, mwanawe," anatero. "Ukazolowera sitovuyi tidzavutana poitenga."

Motero ine ndinatsala m'nyumba ya magetsi ndi mbaula ya makala, iwo n'kupita ku nyumba yopanda magetsi ndi sitovu. Anandisiyiranso abale onse amene anali m'nyumbamo nthawiyo, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anakwera nawo lole. Anathandiza kunyamula katundu mwaulemu, anabayibitsa, kenako anabwerera pabalaza n'kuyamba kukambirana za amene azigona m'chipinda cha atate.

Kutha kwa mwezi uliwonse ndinkapita kukawaona. Ndinkakwera lifiti ya malole opita kumalire, n'kutsikira panjira, n'kuyenda wapansi ndi chikwama cha palafini, machesi, sopo ndi mabatire a wailesi. Pofika ndinkapeza sitovu ili pakona, yofundidwa kansalu koluka, pamwamba pake pali Baibulo ndi buku la nyimbo. Amayi ankaphikira m'kakhitchini ka udzu kamene amalume anawamangira sabata yoyamba yomweyo, utsi utawafiiritsa maso. Madzi ankakatunga kumunsi ndi kukwera nawo chitunda, mayi amene anakhala zaka zonse zija ndi mpopi pakhomo. M'masoketi mavu anamangamo nyumba zawo, ndipo atate ankazigumula ndi kamtengo Loweruka lililonse.

Mudzi umene atate anaupeza sunali umene anausiya ali mnyamata. Anzawo ambiri anali kumanda, ena ku Lusaka kwa ana awo. M'tchalitchi munkakhala nkhalamba kutsogolo, tiana kumbuyo, pakati mabenchi opanda anthu. Zaka zimenezo maliro anachuluka moti khasu la kumanda silinkabwerera m'nyumba. Mudzi unkatumiza anyamata ndi atsikana ku tauni, tauni n'kumabweza mabokosi, ndipo pambuyo pa bokosi lililonse pankatsika ana awiri atatu amene sankadziwa ngakhale kugwira khasu. Agogo awo ankawalandira, n'kumawaphunzitsa kudya nkhwani zopanda mafuta. Atate, poti anali munthu wa taye ndi wodziwa kuwerenga bwino, ndiwo ankapatsidwa kuwerenga mbiri ya womwalira pafupifupi pa maliro onse.

Kenako kunabwera chilala chachikulu chija, chaka chimene tinadya chimanga chachikasu. Anyamata ochepa amene anatsala kumudzi anasiya kudalira munda n'kuyamba kuotcha makala. Tauni inkakula, nyumba zikukwera m'mapiri, ndipo ambiri mwa anthu a m'nyumba zimenezo ankaphikira makala ngati ine. M'mawa uliwonse njinga zinkatsika kulowa m'Chipata zitasanjikiza matumba kupitirira mutu wa mwini wake. Nkhalango imene inali kuseri kwa munda wathu inatha ndikuona, mwezi uno yafupika, mwezi wamawa yatsala zitsa. Amayi anayamba kupita kutali kukafuna nkhuni, kenako anasiya n'kumasonkhezera mapesi ndi zitsononkho. Ine ku Kapata ndinkagula makala kwa mwana wa msuweni wanga, amene ankandiuza mosabisa kuti thumba ili lachokera kuseri kwa munda wa atate anu.

Ku sukulu ndinkaphunzitsa ana a giredi seveni zifukwa zimene anthu amachokera kumudzi kupita ku tauni. Ndinkalemba pabolodi zimene zimawathamangitsa uko ndi zimene zimawakopa kuno, ana n'kumakopera mwaudongo. Ndikaweruka ndinkakapeza phunzirolo litakhala pamipando yanga, litavula nsapato, likufunsa ngati tiyi alipo. Ndinatopa nawo abale. Ndikunena poyera, ndinatopa. Sindinkawada, ambiri anali ana abwino, koma munthu umafuna tsiku limodzi lokha loti ulowe m'nyumba mwako n'kumva phazi lako lokha. Ndikawauza atate, yankho linali lomwe lija, loti ndipirire pang'ono, magetsi akangofika onsewo adzabwerera.

Zikhomo zija chiswe chinayamba kudya. Zina ana anazula n'kuseweretsa, zina ng'ombe zinagwetsa. Atate anaona kuti a magetsi akadzabwera adzasowa mzere wawo n'kubwerera. Anasema zikhomo zatsopano za mtengo wolimba, anandituma kachitini ka penti yofiira, n'kubwezeretsa chilichonse pamalo pake. Mvula ikagwa ankalambula udzu kuzungulira chikhomo chilichonse kuyambira pakhomo pathu mpaka kudambo. Anthu ankawapatsa moni mwaulemu akawapeza ali pa ntchitoyi, koma ndikudziwa kuti akapitirira ankaseka. Inenso ndinkaseka masiku oyamba, kenako zinasiya kundiseketsa.

Tsiku lina anabwera ku Chipata atavala jekete ndi taye, ati ndiwaperekeze ku ofesi ya magetsi. Tinalandiridwa bwino. Bambo wa pa desiki anamvetsera zonse, anafunsa dzina la mudzi, anapita kukafunsa anzake, n'kubwerera. Anati iwo zikhomo zimenezo sakuzidziwa. Mwina anakhoma ndi a misewu, mwina a madzi, mwinanso oyeza malire, popeza kumeneko n'kufupi ndi Malawi. Anafotokoza modekha kuti kukoka magetsi mtunda wotero pamafunika nyumba zambiri zoti zidzawagwiritse ntchito, kapena chigayo, kapena chipatala. Atate anathokoza, anagwirana naye chanza, tinatuluka. Ndinkayembekeza kuti panja anena kanthu kolemera. Anakonza taye yawo n'kunena kuti, "Mnyamatayu ndi watsopano pano. Mafayilo akale sanawaone."

Chiyembekezo chawo chinakwera kwambiri pamene mlongo wanga anachotsedwa ntchito ku migodi. Zaka zimenezo anthu ambiri ankabwerera kuchokera ku Kopala, dera la migodilo, makampani atachepetsa antchito, ndipo iye anabwera ndi mkazi wake ndi ana awiri, molunjika kumudzi. Atate anapha mbuzi. Anawapatsa chipinda chachikulu cha masoketi awiri, anamuonetsa mlongo wangayo gawo la munda loti alime thonje, anayenda naye mzere wonse wa zikhomo. Kwa nthawi yoyamba m'nyumba muja munamveka ana akuthamanga. Ndinapita mwezi umenewo ndipo ndinawapeza atate atanenepa nkhope, akuphunzitsa adzukulu lamulo la swichi.

Mlongo wanga sanathe ngakhale dzinja limodzi kumudziko. Ndinalipo tsiku limene anakambirana ndi atate pakhonde, amayi ndi mlamu wanga akusenda mtedza chapafupi ngati sakumva.

"Atate, manje kuno nizachita chani?" anatero mlongo wanga m'chilankhulo chake cha m'tauni. "Feteleza palibe, thonje ogula abwera mochedwa. Ana sukulu ili kutali, mwana akadwala ni kuyenda mpaka kuchipatala ku Mwami."

"Magetsi akafika udzatsegula chigayo. Kapena zowotcherera zitsulo, si unaphunzira ku migodi?"

"Azafika liti?"

"Zikhomo zilipo, waziona wekha."

"Zija munakhoma ndimwe, atate."

Atate anayang'ana kumunda, kenako anafunsa amayi ngati madzi osamba atentha. Sabata yotsatira mlongo wanga anali ku Kapata ndi banja lake lonse, m'chipinda changa, ine n'kusamukira kwa atsikana monga kale ndili mwana. Anagula njinga n'kuyamba kudutsa malire a Mwami ndi shuga ndi zitenje, ngati anzake onse.

Anali ndi chisoni ndithu ndi zimene ananena, moti mwezi wina anapita kumudzi ndi batire ya galimoto ndi kababu kakang'ono. Analumikiza mawaya ake pabalaza, kababu kanayaka, amayi anaomba m'manja. Atate anakayang'ana n'kufunsa kuti batireyo ikatha adzatani. Anati adzaitenga kukatchajitsa ku Chipata. "Ndiye kuti ukatenge kuwala ku tauni pa njinga, uzibwera nako ngati makala obwerera," anatero atate. "Chimenechi ndi tochi, mwana wanga. Usachilumikize ku mawaya anga, ungawaononge." Batireyo inagwira ntchito pa wailesi mpaka inatha, kenako inakhala mpando wa kukhitchini.

Maso a atate anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankalephera kuwerenga m'tchalitchi, kenako ankazindikira anthu ndi mawu okha. Tinawatengera kuchipatala, anatiuza tsiku loti tidzabwerenso, koma iwo anakana kugonekedwa, ati sangasiye nyumba nthawi yaitali chotero. Babu lija sankalionanso. Ndiye madzulo aliwonse, nkhuku zikamalowa, ankafunsa amayi kuti, "Layaka?" Amayi ankayankha ali kukhitchini, osayang'ana n'komwe, "Silinayake, akalaliki." M'mawa ankapapasa khoma mpaka apeze swichi, kuti atsimikize kuti palibe waikweza. Kulambula zikhomo kunagwera amayi, ndipo ankakulambuladi, akung'ung'udza njira yonse, chifukwa atate ankawafunsa kuti chikhomo cha padambo chilipo kapena chagwa.

Amayi anali atatha. Msana unapindika, miyendo inkatupa, ndowa yaikulu anaisiya n'kumatunga ndi kachigubu maulendo ambiri. Tsiku lina ndinafika masana n'kuwapeza atakhala pakati pa chitunda, kachigubu kali pambali, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa. Ndinawanyamulira madziwo, ndipo pofika pakhomo mtima unali utandikwera. Atate anali pakhonde pa mpando wawo wa ndalema.

"Atate, tiyeni ku Chipata," ndinatero ndisanapereke n'komwe moni. "Nyumba ija ili ndi magetsi enieni. Ndikupatsani chipinda chanu chakale, swichi muzikayatsa ndi kuzimitsa mmene mungafunire."

"Moni kaye, aphunzitsi."

"Mukuwapha amayi. Madzi ali kumunsi, nkhuni kulibe, inu mwangokhala kudikira babu. Palibe akubwera, atate. A magetsi sakubwera, ife sitikubwera. Ana anga akadzabadwa adzabadwira ku tauni."

Sindinalankhulepo nawo motero chibadwire. Amayi anandigwira mkono kuti ndileke. Atate anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga, ndipo sanakalipe.

"Ndamva," anatero. "Koma m'nyumba ija ya ku Kapata ndinalandiramo mudzi wonse, mmodzimmodzi, ndipo palibe anabwerera. Mudzi uno ndinaukokolola ndine ndi ulemu wanga. Ndikachokanso ine, pano patsala ndani woti munthu angabwerere kwa iye? Zipinda ndinamanga zinayi."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Ukali unandithera, m'malo mwake munalowa chisoni chimene sindinkachifuna, chifukwa chisoni sichitunga madzi. Ndinazindikira kuti nkhani sinali ya babu kwenikweni. Atate ankadikira ife, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene chikutiletsa ndi mdima. Ndinalephera kuwauza kuti ngakhale atayatsa mudzi wonse, ntchito yanga ili ku tauni, msika wa mlongo wanga uli ku tauni, ndipo adzukulu awo amaopa chimbudzi chokumba. Ndinangopeza mtsikana wa m'mudzimo woti aziwatungira madzi amayi, n'kubwerera ku Kapata tsiku lotsatira.

Atate anakhalanso zaka ziwiri. Anamwalira nyengo yokolola, atadwala chifuwa masiku ochepa, ali m'chipinda chawo. Amayi akuti madzulo omaliza atate anafunsabe funso lawo lija, ndipo iwo anayankha monga mwa masiku onse. Ndinawafunsa ngati sanaganize zongowauza kuti layaka, popeza sakanaona. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati anakhala ndi mwamuna wawo zaka zonsezo osawanamiza, sakanayamba tsiku limenelo, ndiponso akanati layaka, atate akanafuna tiyi wa pa sitovu.

Pa maliro anabwera onse. Onse amene anagonapo pansi pa tebulo ku Kapata, amene tsopano anali aphunzitsi, madalaivala, ogulitsa pa msika, anamwino, anabwera pa malole awiri kuchokera ku Chipata, ena kuchokera ku Lusaka. Zipinda zinayi zija zinadzaza, pakhonde panadzaza, ena anagona pabwalo. Amayi a mpingo anaimba mpaka mawu anasasa. Nkhuni zophikira anthu onsewo tinachita kugula kwa ootcha makala, chifukwa m'mudzimo munalibe poti n'kuthyola. Ndinaima pakhomo n'kuona nyumba ya atate ili mmene ankaifunira, yodzaza abale mpaka posowa poponda, iwo ali m'bokosi pakati pa balaza, pansi pa babu lawo.

Mwana wina wa ku tauni, poona kuti m'nyumba muli kamdima, anapita pa swichi n'kuyamba kuikweza ndi kuitsitsa, akudabwa kuti bwanji sikuyaka. Anaisiya ili m'mwamba. Amayi anali pamphasa pafupi ndi bokosi, atazunguliridwa ndi anzawo. Anadzuka ndi msana wawo uja, anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, anaitsitsa, n'kubwerera pamalo pawo.

Titangochoka kumanda, anthu asanasambe n'komwe m'manja, funso linali lakuti lole inyamuka nthawi yanji. Wina anali ndi ntchito mawa, wina anasiya katundu pa msika, wina ana ali okha. Sindikuwadzudzula, inenso ndinali nditapatsidwa masiku ochepa ku sukulu. Pofika madzulo a tsiku lotsatira panatsala amayi, amalume, ine ndi mlongo wanga, ndi mapoto obwereka oti abwezedwe kwa eni ake.

Amayi anakhala kumudziko mpaka mwambo wonse wa maliro unatha, kenako anavomera kubwera ku Kapata. Sanavute. Anangoti atopa, ndipo ndinawamvetsa chifukwa inenso mawu amenewo ndi omwe ndinali nawo. Tinabwereka galimoto ya mnzake wa mlongo wanga. Tinakweza bedi, mipando, nkhuku m'dengu, ndi sitovu ija, imene titaifundukula tinapeza mbewa zitadya mawaya ake onse. Tinaikwezabe. Amalume, amene nawonso anali atakalamba, anapatsidwa makiyi kuti aziyang'anira nyumba, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mwana wawo wa ku Lusaka akuwaitana.

Ndinazungulira zipinda zonse kuona ngati tasiya kanthu, ndinatseka mawindo, ndinatuluka. Swichi ndinaiona, koma sindinaikhudze. Dzanja langa linali litazolowera kuilambalala. Amalume anakhoma chitseko, amayi anakwera kutsogolo, dalaivala analiza injini. Tisanasunthe, amayi anati aime. Anatsika pang'onopang'ono, anapempha makiyi kwa amalume, anatsegula n'kulowa okha. Ndinaganiza kuti aiwala buku la nyimbo, ndipo ndinawatsatira mpaka pakhonde. M'nyumba mopanda katundu mawu amamveka kwambiri, ndiye ndinamva bwinobwino kuti thapu.

Anatuluka, anakhoma, anabweza makiyi. Nditawathandiza kukwera ndinawafunsa kuti, "Amayi, mwazimitsa?"

"Ndazimitsa," anatero akukonza chitenje pamaondo. "Angadzafike ife kulibe, n'kumangoyaka usana ndi usiku m'nyumba mopanda munthu."

Galimoto inatsika chitunda motsata zikhomo zofiira zija, chimodzi ndi chimodzi, mpaka kudambo. Amayi sanacheuke. Pa msewu waukulu tinakhota kulowera ku Chipata, pamodzi ndi njinga za makala.